Mpira Wosagwa Pansi

Mutu 6

1. Geti lobiriwira

Ramla anatsika pa kabaza mdima utagwa kale. Chiperoni chinali chitakuta Blantyre yense. Mvula yamawawa inkagwa mwakachetechete, ngati ikuopa kudzutsa munthu.

"Ndi pano, sisi," anatero wakabaza. "Geti lobiriwiralo. Mugogode mwamphamvu. Kuno amayamba kumva ndi agalu."

Njinga inatembenuka. Nyali yake yofiira inamira mu nkhungu. Ramla anatsala yekha.

Sunnyside ankangoimva. Iye anabadwira ku Limbe, kuseri kwa msika, kumene phokoso siligona. Kuno kunali zii. Mitengo italiitali. Mipanda italiitali. Msewu wonse wopanda ngakhale wootcha chimanga. Magetsi anali atazima, ndipo nyumba zinangoti ndaa mumdima ngati mabogi a sitima oiwalika pa siteshoni.

Anagogoda. Alonda anatsegula, namulozera kanjira kopita kuseri. Nyumba yaikulu yakutsogolo inasanduka maofesi kalekale. Mayi Constance Zuze ankakhala m'kanyumba ka kumbuyo, pansi pa mitengo ya mapeyala.

Ramla anali mtsikana wa mpira wamanja. Anasewera mpaka bondo linamukana. Kenako anatola wezulo, nayamba kuphunzitsa timu ya atsikana ogwira ntchito m'mafakitale a ku Makata. Satifiketi yoyamba ya ukochi anali nayo. Yachiwiri anali nayo. Imene inkamusowetsa tulo inali yapamwamba, imene imatsegulira munthu khomo la matimu akuluakulu.

Maphunziro a satifiketi imeneyo sabwera chaka chilichonse. Wofuna kulowa ankayenera kujambula vidiyo ya mmene amaphunzitsira timu yake, n'kukaipereka yekha kwa oyesa ku Lilongwe. Tsiku lomaliza linali mawa lake, ofesi isanatseke. Komanso kochi wamkulu mmodzi ankayenera kuionera kaye vidiyoyo, n'kuwauza oyesawo kuti, "Mwanayu ndamuona akuphunzitsa."

Mayi Zuze anali kochi wamkulu wotero. Anavomera pafoni kuti Ramla abwere, agone konko. M'mawa achimwene ake a Ramla, a Ridwan, oyendetsa minibasi, adzamutenga kukamusiya kudepoti ya Wenela.

2. Vidiyo

"Odi!"

"Odini! Lowa, lowa. Kochi wanji woyenda mu chiperoni wopanda ambulera? Osewera ako umawauza chiyani za chimfine?"

Mayi Zuze anali wamtali, wa tsitsi loyera lometa lalifupi. Anavala juzi yaubweya ndi masokosi a mpira. Patebulo panali nyali ya sola, tiyi mu fulasiki, ndi mbale ya chinangwa chophika.

Ramla anagwada pang'ono. "Mwaswera bwanji, amayi?"

"Ndaswera, kaya iwe. Khala apo. Imwa tiyi. Usaope, m'chinangwamo mulibe chimene Chisilamu chimakana. Muli mchere basi."

Ramla anaseka. Anakonza mpango wake wonyowa, namwa tiyi. Kenako anatulutsa foni, naitsamiritsa pa fulasiki.

Vidiyo inayamba.

Bwalo linali lasimenti, lopaka utoto wabuluu. Mizere yoyera mbee. Atsikana ovala yunifomu yachikasu, nsapato zofanana. Ramla anaonekera pakati pawo, wezulo pakamwa. Akaliza, atsikana ankathamanga. Akakweza dzanja, ankaima. Mpira unkachoka m'manja umu n'kulowa m'manja umo, ngati madzi oyenda m'ngalande. Unkakwera, n'kutsika m'goli osakhudza chitsulo.

M'chipinda chamdimacho, kuwala kwa foni kunkavina pakhoma. Zinali ngati maloto a munthu wina.

Mayi Zuze anaonera mpaka kumapeto. Anaibwezanso poyambira.

"N'zokongola," anatero pomaliza.

"Zikomo, amayi."

"Koma tandiuza. Mpirawu munaupaka ulimbo?"

"Ulimbo?"

"Ndauyang'ana kawiri konse. Sunagwe pansi ngakhale kamodzi. Ine ndakalambira pabwalo, sindinaonepo mpira waulemu chonchi."

Ramla anamwetulira mokakamiza.

Mayi Zuze anagunda foni ndi chala. Vidiyo inaima pa mtsikana wina ali m'mwamba, akuwakha mpira.

"Uyu ndani?"

"Ndi senta, amayi."

"Zoti ndi senta zalembedwa pachifuwa. Ndafunsa dzina."

Ramla anayang'ana foni. Anayang'ana chinangwa.

"Chabwino. Nanga womwetsa zigoliyu? Amakhala kuti? Dzanja lake lofooka ndi liti?"

Mvula inkamveka pamalata, pang'onopang'ono. Ramla anaweramitsa mutu.

"Si anga, amayi."

"Ndikumva."

"Ndi a pakoleji ina. Anatibwereka Loweruka. Tinayeserera tsiku lonse, kenako a Davie, anzawo a achimwene, anajambula." Mawu ankatuluka movuta. "Bwalo lathu ku Makata ndi lafumbi. Lili kuseri kwa nyumba yosungira katundu. Goli anatiwotcherera ndi zitsulo zotayidwa, ndipo ndi lopendekeka. Atsikana amabwera ndi maovolosi a kuntchito. Ena alibe nsapato. Achimwene anati ku Lilongwe akaona zimenezo akaseka mpaka kugwa pampando."

"Ndiye atsikana ako akudziwa?"

"A Davie anaika kachidutswa pa WhatsApp. Faida anaona. Ndiye kaputeni wathu. Anandiimbira Lamlungu, akuti, 'Akochi, kani ife timanunkha fakitale?' N'kudula foni."

"Iwe unayankha chiyani?"

"Sindinapiteko kuyambira Lolemba."

3. Mawu a Mayi Zuze

Mayi Zuze anazimitsa foni, naiika chafufumimba patebulo. Anadzithirira tiyi wina. Sanakweze mawu.

"Tamvera, mwana wanga. Sindikukalipira. Ndikuuza za ntchito imene wasankha.

"Buku umalidziwa. Ndaona. Mmene wawaimikira atsikanawo, mmene ukusinthira masewera, zonse zili m'malo. Koma oyesa a satifiketi iyi safuna buku. Buku analiyesa kale pa masatifiketi awiri aja. Apa akufuna aone chimene umachita zinthu zikasokonekera.

"Ukochi umayamba mpira ukagwa pansi. Mwana wawakha molakwika. Mnzake wamutukwana. Wina wakhala pansi, akuti watopa. Pamenepo ndi pamene oyesa amasendera pafupi. Kodi kochiyu waona chimene chagwetsa mpira? Ndi manja, ndi mapazi, kapena ndi njala? Ayankhula ndi ndani poyamba? Akuwa, kapena afunsa? Ndiye iwe wawapititsira vidiyo imene palibe walakwa. Uli ngati dokotala wojambulitsa ali pakati pa anthu osadwala.

"Mwina sakazindikira. Oyesa nawonso ndi anthu, amatopa, utoto wabuluu umawasangalatsa. Mwina ukalowa. Ukatenga pepala lako, akakupatsa timu yaikulu. Kumeneko kuli atsikana amwano, odziwa kuti anthu amawaombera m'manja. Tsiku loyamba mpira udzagwa. Onse adzatembenuka kuyang'ana iwe. Udzabwereka ndani tsiku limenelo? Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, mwanawe.

"Koma chimene chikundiwawa si chimenecho. Ndi ana a ku Makata aja. Munthu wagwira makina tsiku lonse, m'makutu muli phokoso lokhalokha. M'mawa adzuka kusanache, abwera kwa iwe wopanda nsapato. Wakupatsa miyendo yake kuti uphunzirepo ntchito. Masatifiketi awiri aja unawatenga pa miyendo ya ndani? Lero pabwera kamera, wawabisa kuseri ngati mbale zosatsuka. Manyazi otere ndi oipa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Makolo anga anachokera ku Mozambiki ndi mtolo pamutu. Chinyanja chawo anthu ankachiseka pamsika. Koma amayi anga sanandibisepo mlendo akabwera. Ankandiimika kutsogolo, ndili mbuu ndi fumbi, n'kunena kuti, 'Uyu ndi wanga.' Kochi amatero. Akalephera mawu atatu amenewo, wezulo aisiye."

Ramla anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Ndiye simuwaimbira oyesa?"

"Ndiwaimbira. Ndiwauza kuti vidiyo yako ndaionera, chifukwa n'zoona. Akandifunsa ngati ndakuona ukuphunzitsa timu yako, ndinena kuti ayi. Mwina afunsa, mwina safunsa. Basi yam'mawa ilipo, sindikukutsekera njira."

"Nthawi yojambula ina palibe, amayi."

"Atsikana ako amasewera nthawi yanji?"

"M'mamawa, belu la fakitale lisanalire."

"Ehe." Mayi Zuze anatola chinangwa. "Ine sindinanene kanthu."

"Ndikapita ku Makata, basi yoyamba indisiya. Zamasana zimachedwa kudzaza. Ndikhoza kukapeza ofesi atatseka."

"Ukhoza."

"Ndipo mwina atsikanawo sakandilandira."

"Mwinadi."

4. Bwalo la mu nkhungu

Atatha kudya, Mayi Zuze anatenga bulangete, nalikoleka paphewa. "Tiye pakhonde. Mpweya wa chiperoni umatsuka mutu."

Mvula inali italeka. Nkhungu inatsala, yoyera, yokhuthala, itagona pakapinga. Mwezi unali kwinakwake kumwamba, wosaoneka, koma kuwala kwake kunkasefukira m'mitengo. Patali, kumbali ya phiri la Soche, nyali zochepa zinkaphethira ngati zikuyandama.

"Kapingayu ndi bwalo," anatero Mayi Zuze. "Peyala ilo ndi goli. Ndionetse timu yako. Yako yeniyeni."

"Palibe munthu, amayi."

"Waitane."

Ramla anaima m'mphepete mwa khonde. Anachita manyazi. Kenako analoza pansi pa mtengo.

"Apo pamaima Salome. Ndi wamanzere. Amamwetsa zigoli bwino, koma ukamukalipira pagulu amakupatsa msana, tsiku lonse latha. Umayenera kumudutsa pafupi, n'kumunong'oneza."

"Pitiriza."

"Kumbuyo kwake kuli Tasnim. Amasewera ndi mpango ngati ine, ndi buluku lalitali. Bambo ake anakana poyamba. Ndinapita kawiri kusitolo kwawo. Ali ndi liwiro, koma amatseka maso mpira ukamabwera mwamphamvu. Tsopano ndimamuponyera ndimu m'malo mwa mpira. Ndimu saliopa."

Mayi Zuze anaseka chapansipansi.

Nkhungu inasuntha. Ramla anaona ngati pakapingapo pali anthu. Maovolosi abuluu, opindidwa mpaka m'mawondo. Mapazi opanda nsapato, osamveka. Mmodzi anadumpha, natsika pang'onopang'ono ngati nthenga.

Mawu a Ramla anayamba kuthamanga.

"Uyo ndi Linda. Amabwera ndi mwana kumsana, timamugoneka pa katoni m'mbali mwa bwalo. Mwana akalira, Linda amaponya mpira paliponse. Ndiye ndimamuika mbali ya kufupi ndi katoniyo. Akamuona mwanayo, manja ake amakhazikika."

"Nanga pakatipo?"

Ramla analoza pakati pa kapingayo.

"Pakati ndi pa Faida. Amanyamula matumba a sopo tsiku lonse, phewa lake lamanja limatupa. Savomera. Ukamufunsa amati, 'Ndili bho, akochi.' Koma ndimaona akayamba kuponya ndi manja awiri. Pamenepo ndimaimitsa masewera, ndimati ndine ndatopa."

Atsikana a mu nkhunguwo ankathamanga mwakachetechete. Mpira woyera unkayenda pakati pawo. Unapulumuka m'manja mwa wina, nugudubuzika pakapinga. Onse anatembenuka. Ramla anapeza kuti watsika kale pakhonde, mapazi ali m'mame, dzanja lili m'mwamba.

Galu anauwa kutsidya kwa mpanda. Pakapinga panalibe munthu.

"Takhuta," anatero Mayi Zuze, kuthokoza m'chilankhulo cha makolo awo. "Tsopano ndayamba kukuona. Koma nkhungu siijambulika. Kagone."

Anamuyalira pa sofa. Ramla anagona akumva madontho akugwa kuchokera m'masamba a mapeyala. Analota basi ya ku Lilongwe ikuyenda pamwamba pa mitambo, mipando yonse itadzaza atsikana a yunifomu yachikasu. Aliyense ankamumwetulira. Palibe anali ndi dzina.

5. Njira ziwiri

Anadzuka kusanache. Azana inkamveka patali, yopyapyala, yochokera kumzikiti wa m'tauni. Anatawaza, naswali pakona ya chipinda. Mayi Zuze anali atadzuka kale, akuwiritsa madzi pambaula.

Hutala inalira kugeti.

"Ndi achimwene," anatero Ramla.

Mayi Zuze anamukulungira chinangwa chotsala m'pepala. Anamuperekeza mpaka pakhonde.

"Foni yanga ikhala yoyatsa," anatero. "Chimene unganditumizire ndichionera, iwe uli m'basi. Ukapanda kutumiza kanthu, ndidziwanso. Yenda bwino."

Ramla anagwada, natsazika.

Minibasi inali itaima panja, nyali zake zikuboola nkhungu. A Ridwan anatsegula chitseko chakutsogolo, akuyasamula.

"Salaam aleikum, akochi a dziko lonse!"

"Aleikum salaam, achimwene."

"Kuno ndiye kwa mabwana, eti? Ndaliza hutala kamodzi, agalu a msewu wonse andiyankha m'Chingerezi. Zayenda? Agogowo aikonda filimu yathu?"

"Akuti ndi yokongola."

"Ndinanena ine! Davie ndi katswiri. Ukakhala pa TV usadzatiiwale, ife a Limbe-Blantyre."

Anatsika msewu wa Victoria. Tauni inali isanadzuke. Mashopu otseka, alonda atadzikuta m'makatoni, amayi osesa akuyenda ngati mithunzi. Nsonga za nyumba zitalizitali zinali zitasowa mu nkhungu. Ramla anagwira foni ndi manja awiri.

Atadutsa pa Clock Tower, nyali za Wenela zinaonekera. Basi ya ku Lilongwe inali italiza kale injini. Oitanira ankakuwa, "Lilongwe yonyamuka! Lilongwe mmodzi!"

A Ridwan anayamba kukhota.

"Pitirirani, achimwene."

"Wati chiyani?"

"Pitirirani. Ku Makata."

A Ridwan anaponda buleki. Wagalimoto wakumbuyo analiza hutala.

"Iwe Ramla, mutu uli bwino? Basi ndi iyo! Ukaisiya, yotsatira idzadza dzuwa lili pamutu. Ukafika ku Lilongwe anthu ataweruka. Maphunziro amenewa wakhala ukuwalira chaka chonse!"

"Ndikudziwa."

"Ndiye ku Makata kukatani?"

"Kukajambula. Mukagwira foni ndinu."

"Ine? Ndili ndi ma tiripi am'mawa! Bwana wa minibasiyi sadya mpira wamanja." Anamuyang'ana mlongo wawo. Anayang'ana basi. "Fumbi lija? Goli lopendekeka lija? Ukufuna anthu akakuseke?"

"Akaseke. Ndi anga."

A Ridwan anapumira m'mwamba. Anapukusa mutu, nang'ung'udza za ana aakazi osamva. Kenako anabweza chiwongolero.

"Akandichotsa ntchito, undilembe ukondakitala pa timu yakoyo."

Ramla anasakasaka dzina la Faida pafoni. Foni inaitana nthawi yaitali. Anaganiza kuti sayankha.

"Halo."

Kumbuyo kwa mawuwo kunkamveka mapazi pafumbi, ndi mwana akulira.

"Faida, ndine."

"Nambala ndaiona."

"Muli pabwalo?"

"Tikhala kuti? Sabata yonse tikudziphunzitsa tokha. Salome ndi amene akuliza wezulo, ndi pakamwa."

"Ndikubwera. Ndinakulakwirani nonse. Ndikufuna ndidzanene pamaso panu. Ndipo ndili ndi pempho."

Ramla anamva Faida akuuza anzake kuti, "Takhalani chete, ndi akochi." Mapazi aja analeka.

"Simuli pa ulendo wa ku Lilongwe?"

"Basi ndaisiya."



"Bwerani," anatero Faida. "Koma pempho lanulo lidikire. Dzulo tinakhala pansi tonse. Tinagwirizana chimodzi chokhudza inu."

"Chiyani?"

"Sindinena pafoni. Fulumirani, belu lili pafupi."

Foni inaduka.

Kumbuyo kwawo, basi ya ku Lilongwe inatuluka m'depoti, niliza hutala yake yaitali. A Ridwan anaiyang'ana pagalasi, namuyang'ana Ramla.

"Akuti chiyani?"

"Akuti tifulumire."

A Ridwan anasintha giya. Minibasi inalowa mu nkhungu, kulunjika kumene machumuni a Makata ankayamba kufuka.